Chikanga ndi kusowa tulo ku Xi'an: zimene mankhwala a Chitchaina anandichitira

Aliyense amene wapeza mwayi wa maphunziro kumpoto kwa China amachenjezedwa za chisanu. Amamuuza kuti akagule jekete yokhuthala, magolovesi ndi nsapato zotentha. Za kuuma kwa mpweya sindinamvepo wina akuzitchula, chonsecho n'kumene kunandisautsa kuposa kuzizira. Mumzinda wa Xi'an, m'chigawo cha Shaanxi, kumene ndinkaphunzira, mapaipi otenthetsa nyumba amatsegulidwa pa 15 Novembala n'kudzatsekedwa pa 15 Malichi. Miyezi inayi yonseyo m'chipinda mumakhala mofunda bwino, koma mpweya wake umauma moti thaulo lonyowa ukaliyanika madzulo, m'mawa umalipeza litauma gwa. Khungu la munthu nalo limauma chimodzimodzi.

Kwa ine zinayambira kuseri kwa mawondo ndi mopindikira mikono. Poyamba khungu linangotuwa, kenako linayamba kuyabwa, ndipo pofika Januwale linali litakhuthala, litang'ambikang'ambika, malo ena likutuluka timadzi. Masana ndinkapirira chifukwa maganizo ankakhala pa makalasi. Usiku ndikangofunda bulangete thupi n'kumva kutentha, kuyabwa kunkabuka ngati moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala. M'mawa ndinkapeza magazi m'zikhadabo.

Tulo nato tinali titasokonekera kale. China ili patsogolo pa Malawi ndi maola 6. Amayi ankapeza mpata wolankhula nane akatha kudya madzulo, cha m'ma 7 koloko, pamene ku Xi'an inali 1 koloko usiku, ndipo mwana amene ali kutali choncho sangasiye foni ya amayi ake ikulira. Masana ndinkamwa tiyi wobiriwira kosalekeza, monga ankachitira anzanga onse m'kalasi, poti madzi otentha amapezeka paliponse. Tiyi ameneyu ali ndi caffeine, amene amathawitsa tulo. Mavuto awiriwa ankakokana: ndikapanda kugona khungu linkayabwa kwambiri tsiku lotsatira, ndipo likayabwa sindinkagona. Amene mukuvutika ndi zonse ziwiri, musamazione ngati matenda osiyana oti mudzathana nawo limodzilimodzi.

Ndinayambira kuchipatala wamba. Dokotala wa khungu anati ndi eczema, imene kwathu ambiri timaitcha chikanga, ndipo anandipatsa mafuta opaka a steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) ochepa mphamvu ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa. Zinathandiza, koma ndikangosiya kupaka matenda ankabwerera, ndipo mapiritsiwo ankandichititsa kuodzera m'kalasi osandipatsa tulo tenitenito usiku. Mnzanga wina wa m'kalasi, kwawo ku Xianyang, ndi amene anati tipite kuchipatala cha mankhwala achikhalidwe, iye akanditanthauzire.

Ndifotokoze kaye za chipatalacho, chifukwa kwathu tikamva za mankhwala azitsamba a ku China timaganiza za mabotolo ogulitsidwa m'chikwama. Ichi chinali chipatala chachikulu cha boma, cha nsanjika zambiri, chokhala ndi labotale, makina ojambulira m'thupi, mawodi ndi manesi. Madokotala ake amaphunzira zaka zisanu ku yunivesite, kuphatikizapo maphunziro a zachipatala zamakono, ndipo amalemba mayeso a boma asanapatsidwe chilolezo. Umalembetsa ndi pasipoti, kusankha gawo la matenda a khungu, kulipira, n'kudikira nambala yako. Adokotala amene ndinawapeza anali mayi wachikulire. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anamwetulira, chifukwa chigawo cha Shaanxi ndi chimene chimatumiza magulu a madokotala a ku China kudzagwira ntchito pa zipatala za Kamuzu Central ndi Mzuzu Central.

Kuyeza kwawo kunali kwa mtundu wina. Anandiuza kuti nditulutse lilime, n'kuliyang'ana pamwamba ndi pansi. Anaika zala zitatu pamkono pafupi ndi chikhatho n'kumvetsera kugunda kwa mtsempha kwa nthawi ndithu, dzanja lamanja kenako lamanzere. Ndiye mafunso: ndimagona nthawi yanji, ndimavutika kupeza tulo kapena ndimadzidzimuka pakati pa usiku, ndimalota kwambiri, ndimatuluka thukuta ndili m'tulo, kukamwa kumauma, ndimapita kuchimbudzi kangati, ndimakwiya msanga, ndimasamba madzi otentha bwanji. Palibe dokotala amene anandifunsapo zambiri chonchi. Chinanso chimene ndinayamikira n'chakuti sanadalire maso okha. Madokotala a kumeneko anazolowera kuona kufiira kwa khungu kuti adziwe kukula kwa kutupa, koma pa khungu lathu lakuda chikanga sichifiira. Chimada, chimatuwa, kapena chimaoneka chofiirira moderapo. Mayiwa anakhudza malo odwalawo ndi kuseri kwa dzanja kuti amve kutentha, n'kuyerekeza ndi malo abwino. Ngati muli kudziko la anthu oyera khungu, muuzeni dokotala momveka kuti malo awa sanali akuda chonchi kale, akutentha, akuyabwa. Mukangokhala chete akhoza kuona ngati matenda anu ndi aang'ono.

Anati magazi anga aperewera ndipo khungu lagwidwa ndi mphepo youma, ndiye mtima ukusowa pokhazikika usiku. Musachite mantha mukauzidwa zotere. Aka ndi kafotokozedwe kawo ka mmene thupi likuyendera, ndipo sizitanthauza kuti kulabotale akupezani ndi magazi ochepa kapena matenda a mtima. Ine anandituma kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, kuphatikizapo kagwiridwe ntchito ka chiwindi ndi impso, ndipo zonse zinali bwino. Anati akufuna adziwe pamene chiwindi chili ndisanayambe kumwa zitsamba, kuti adzayerekeze patsogolo.

Mankhwala akumwa anawamanga pa njira yakale yotchedwa Suanzaoren Tang, imene inalembedwa ndi sing'anga Zhang Zhongjing cha m'ma 200. Ili ndi zinthu zisanu: suanzaoren, fuling amene ndi mtundu wa bowa womera pa mizu ya paini, zhimu, chuanxiong ndi gancao. Kwa ine anawonjezerapo danggui, shengdi ndi fangfeng chifukwa cha khungu. Suanzaoren ndi nthanga za kachipatso kowawasa ka m'banja limodzi ndi masau athu a kuchigwa cha Shire. Ndi pachibale, koma si mtengo umodzi, choncho wina asaswe nthanga za masau n'kumamwa poganiza kuti wapeza mankhwala a tulo. Ku China komweko nthanga za masau zimadziwika ngati chimodzi mwa zinthu zimene amalonda osakhulupirika amasakaniza mu suanzaoren kuti apindule zambiri.

Dzina la chitsamba chilichonse linalembedwa papepala limodzi ndi magalamu ake, ndipo pepalalo linali langa. Ichi n'chimene ndikufuna muchigwiritsitse pa nkhani yonseyi. Kumalo otengera mankhwala kuli khoma lonse la timadirowa tamatabwa, ndipo ogwira ntchito amapima mizu, makungwa ndi nthanga pa sikelo n'kugawa timilu ta tsiku lililonse. Kawirikawiri amapereka za sabata imodzi kapena ziwiri, kenako ubwerere adokotala akakuonenso lilime n'kusintha zina. Wofuna kudziphikira amaviika zitsambazo m'madzi pafupifupi theka la ola, kuwiritsa mumphika wadothi, kutsanula, kuthiranso madzi n'kuwiritsa kachiwiri, n'kuphatikiza madzi a maulendo onse awiri kuti amwe m'mawa ndi madzulo. M'chipinda cha ophunzira zimenezi sizikanatheka. Chipatala chinkaphika chokha n'kuika m'timapaketi tapulasitiki tomata, ine n'kumasunga mufiriji. Nthawi yomwa ikakwana ndinkaviika paketi m'kapu ya madzi otentha. Madzi ake ndi akuda, owawa, onunkha dothi lonyowa. Amazolowereka.

Adokotala anandilemberanso chithandizo chobaya timasingano m'malo osankhidwa a thupi (acupuncture). Singano ndinkaziopa kwambiri, koma zinapezeka kuti ndi mbali imene ndinaikonda. Timasingano take n'toonda kwambiri, tosabowoka mkati, ndipo amatitulutsa mupaketi yomata iwe ukuona, akatha amatitaya. Ankandibaya pa Shenmen, pamzere wa mkono kumbali ya chala chaching'ono; pa Sanyinjiao, pamwamba pa kakolo chamkati mwa mwendo; pa Yintang, pakati pa nsidze; pa Baihui, paliwombo; ndiponso pa Quchi, pachigongono, ndi Xuehai, pamwamba pa bondo, malo awiri amene amagwiritsa ntchito pa kuyabwa. Pamene khungu linali ndi zilonda ankapewapo. Ululu wake ndi wochepa. Chimene umamva ndi kulemera kapena dzanzi pang'ono pozungulira singanoyo. Amakusiya utagona mphindi 20 kapena 30, nyale yofunditsa ili kumapazi, ndipo nthawi zambiri nesi ankachita kundidzutsa. Potuluka ankandimata tinthanga tating'ono ta wangbuliuxing pakhutu ndi kapulasitala, kuti ndizitsinapo madzulo ndisanagone.

Panalinso madzi osambitsira malo odwala, ophikidwa ndi kushen, difuzi ndi huangbai. Ndinkawasiya azizire, n'kuviika kansalu koyera, n'kukaika pamalo otuluka timadzi kwa kanthawi. Ankaziziritsa bwino ndipo kuyabwa kunkayamba kwaleka. Koma malangizo amene adokotala anawabwereza kwambiri analibe chitsamba chilichonse. Anati ndisiye kusamba madzi otentha kwambiri, ndisakhalitse m'bafa, sopo ndizipaka m'khwapa ndi malo obisika basi, ndipo ndikangotuluka ndizidzola mafuta okhuthala opanda fungo khungu likadali lonyowa. Anati ndiike beseni la madzi pafupi ndi paipi yotenthetsa kapena ndigule kamakina kotulutsa nthunzi. Zovala zaubweya zisakhudze khungu, mkati ndizivala za thonje. Tiyi ndisamwe dzuwa likapendeka. Ndiziviika mapazi m'madzi ofunda ndisanagone, mwambo umene Atchaina ambiri amauchita m'nyengo yozizira, ndipo 11 koloko izindipeza ndili pabedi. Kugona masana anandilola, popeza kumeneko ndi chizolowezi cha aliyense, koma osapitirira theka la ola. Za mafoni tinagwirizana ndi amayi kuti tizilankhula iwo akamadya nkhomaliro, kwa ine kuli madzulo, ndipo Loweruka tizicheza mokwanira.

Chofunika kwambiri, sanandiuze kuti nditaye mafuta a steroid aja. Anati ndizipaka pamalo oipitsitsa monga anandilangizira dokotala woyamba, n'kumachepetsa pang'onopang'ono khungu likamachira. Madokotala abwino a mbali ziwirizi ku China salimbana. Munthu akakuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala kuti zitsamba zake zigwire ntchito, mtalikireni.

Pa zakudya anandiletsa mowa, tsabola wambiri, nyama ya nkhosa ndi nkhanu za m'nyanja. Ku Xi'an lamulo limeneli ndi lovuta, chifukwa chakudya chotchuka cha mzindawo, yangrou paomo, ndi msuzi wa nkhosa wonyenyeramo buledi, ndipo pafupifupi mbale iliyonse imathiridwa mafuta a tsabola. Ndinaona ndekha kuti tsabola ndi mowa zimawonjezeradi kuyabwa usiku womwewo. Nyama ya nkhosa sinkandichita kanthu, ndipo khungu litachira ndinayambiranso kudya. Sindikulangiza munthu kudzimana zakudya zambirimbiri, makamaka mwana amene akukula. Mnzanga uja anandiuzanso za kulumika ndi makapu agalasi, koma adokotala anakana. Anati pa khungu lodwala sachita zimenezo, ndipo pa khungu lakuda zizindikiro za makapuwo zimatha kusiya mabala ochedwa kufufutika. Amene thupi lanu limatupa zipsera, samalani ndi njira iliyonse yotentha, yokanda kapena yocheka khungu.

Tulo ndi timene tinayamba kubwerera. M'milungu yoyambirira ndinayamba kugona msanga, ndipo ndikadzidzimuka usiku ndinkapezanso tulo. Khungu linatsatira mochedwa: timadzi tinaleka, ming'alu inatseka, ndipo pamene mitengo inkaphukira linali litasalala. Magazi anandiyezanso patapita milungu ingapo, chiwindi chinali bwinobwino, ndipo adokotala anachepetsa zitsamba mpaka kundisiyitsa. M'kuona kwanga, khungu linachira makamaka chifukwa cha mafuta odzola, kusintha kasambidwe ndi steroid uja. Singano, zitsamba ndi dongosolo la nthawi yogona zinandibwezera tulo, ndipo tuloto tinaletsa manja anga kukanda usiku. Popanda zimenezo mafuta okha ankalephera.

Zimene zinandichitikira ine ndekha si umboni woti aliyense achira. Mu 2013 gulu la akatswiri la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kupima kafukufuku wa zachipatala, linaunika kafukufuku 28 wa zitsamba za ku China pa chikanga n'kupeza kuti umboni sunali wokwanira kunena motsimikiza kuti zimachiritsa. Mu 2012 linanenanso chimodzimodzi za singano pa vuto la kusowa tulo, chifukwa kafukufuku wambiri sanachitidwe mosamala. Izi sizikutanthauza kuti m'zitsamba mulibe kanthu. LA amene timamwa tikadwala malungo ali ndi mankhwala ochokera ku artemisinin, amene Tu Youyou ndi anzake anawapeza m'chitsamba cha qinghao, ndipo mayiyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma chitsambacho chinafika pokhala LA chitayezedwa zaka zambiri, mlingo wake n'kudziwika.

Tsopano za ngozi, zimene ndikuona kuti ndi zofunika kuposa zonse ndanenazi. Mnzathu wina wochokera dziko loyandikana nafe, amene nayenso khungu linkamuvuta, anagula pa intaneti kabotolo ka mafuta olembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha. Usiku uwiri wokha khungu linasalala, ndipo anandibweretsera kuti ndiyeseko. Ndinakaonetsa adokotala. Anangokatembenuza, n'kuona kuti palibe nambala ya chilolezo cha mankhwala, n'kunena kuti chitsamba sichichiritsa chikanga usiku uwiri. Mnzathuyo atasiya kupaka patapita miyezi, nkhope inatupa n'kutuluka tiziphuphu, matenda n'kubwerera mwamphamvu kuposa kale. Nkhani yotere si yachilendo. Mu 1999 madokotala a pa King's College Hospital ku London anayeza mafuta 11 azitsamba za ku China amene odwala khungu ankapaka, ndipo 8 anapezeka ndi dexamethasone, steroid amene sanalembedwe pabotolo. Steroid woperekedwa ndi dokotala, wodziwika mphamvu yake ndi masiku ake, ndi mankhwala abwino. Wobisika amapakidwa kumaso, pa makanda, miyezi ndi miyezi, mpaka khungu kupyapyala.

Zakumwa nazo zili ndi zoopsa zake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 amayi oposa 100 ku Belgium anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi amene munalowa chitsamba cha mtundu wa Aristolochia m'malo mwa china chofanana nacho dzina. Mu 1999 ku Britain amayi awiri amene ankamwa zitsamba chifukwa cha chikanga impso zawo zinaleka kugwira ntchito ndi poizoni yemweyo. Boma la China linaletsa guan mu tong, chimodzi mwa zitsamba zimenezi, mu 2003. He shou wu, ndi tsinde lake lotchedwa ye jiao teng limene amapatsa osowa tulo, zimadziwika kuti zimatha kuvulaza chiwindi. Chimodzimodzinso bai xian pi, amene amapezeka kwambiri m'mankhwala a khungu. Mapiritsi ena akale a tulo, monga Zhusha Anshen Wan, ali ndi zhusha, mwala wofiira wokhala ndi mercury, amene ndi poizoni, ndipo si omwa nthawi yaitali. Ngakhale gancao, amene ali m'mankhwala ambiri kuphatikizapo anga aja, amakweza BP akamwedwa wambiri kapena kwa nthawi yaitali. Danggui sagwirizana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. N'chifukwa chake pepala lija lili lofunika. Ukadwala, dokotala aliyense akhoza kuliwerenga n'kudziwa chimene chili m'thupi mwako.

Mukamamwa zitsamba n'kuona maso akuchita chikasu, mkodzo ukuda, nseru, kutopa kosadziwika bwino, kapena mapazi akutupa, siyani tsiku lomwelo n'kupita kuchipatala mutanyamula zimene mumamwazo. Amene muli pa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a BP kapena a khunyu, musayambe chitsamba chilichonse dokotala wanu asakudziwa. Amayi oyembekezera anene msanga, chifukwa ngakhale singano sazibaya pa Sanyinjiao munthu akakhala ndi pakati.

Nditabwerera kumudzi, abale ndi anzanga akhala akundionetsa mabotolo ndi timabokosi tolembedwa Chitchaina kuti ndiwawerengere. Zambiri si mankhwala n'komwe malinga ndi zolembedwa zake. Ndi zodzola kapena zakudya zowonjezera, ndipo wogulitsa sadziwa zili mkatimo. Ndimawauza kuti ayambe adziwa chimene akudwala. Kuyabwa kwa usiku kumene kwagwira anthu angapo m'nyumba imodzi, kokhala ndi tizilonda pakati pa zala, kawirikawiri ndi mphere, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala, oti banja lonse lipake nthawi imodzi. Zipere zimafuna mankhwala opha tizilombo take, ndipo steroid amazikulitsa. Kuyabwa thupi lonse popanda zotupa kungachokere ku chiwindi, impso, shuga kapena HIV. Kusowa tulo kwa miyezi nako nthawi zina kumakhala chizindikiro cha nkhawa kapena matenda a maganizo. Zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central zili ndi odziwa za khungu, ndipo za mankhwala okayikitsa mukhoza kufunsa ku bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Amene muli ku China, Johannesburg kapena London ndipo mukufuna kuyesa njira ya Chitchaina, funani munthu wachilolezo, amene alembe chitsamba chilichonse ndi mlingo wake, avomere kuti muyezetse chiwindi, ndipo atsegule singano zatsopano inu mukuona.

Chikanga chikapola pa khungu lathu chimasiya mabala akuda, ndipo apa m'pamene ambiri amakopeka ndi mafuta oyeretsa a pamsika, omwe ambiri mwa iwo ali ndi steroid wamphamvu monga clobetasol. Anga kuseri kwa mawondo ndi m'khosi anatenga pafupifupi chaka kuti afufutike. Sindinapakepo china koma mafuta wamba odzola m'mawa ndi madzulo, ndinkaphimba khosi padzuwa, ndipo zikhadabo ndinkawenga sabata iliyonse.